Madzi a pamjigo wathu akufiira: kodi ndi aseniki wa ku Bangladesh uja?

Mayi wina wa ku Nsanje, mlembi wa komiti ya mjigo m'mudzi mwawo, walemba motere:

"Madzi a pamjigo wathu amatuluka oyera bwinobwino, koma mukawasiya mu ndowa kuyambira m'mawa, pofika masana amakhala atafiira, pansi patadikha timatope. Nsima ikumada, zovala zoyera zikuthimbirira. Mphwake wa amuna anga amene ali ku koleji akuti anawerenga za dziko la Bangladesh, kumene mijigo inadwalitsa anthu ndi poizoni wotchedwa aseniki, ndipo akuti madzi ofiira chonchi ndiye chizindikiro chake. Panopa mabanja ena ayambiranso kutunga kumtsinje. Kodi aseniki ameneyu amalowa bwanji m'madzi a pansi pomwe kuno kulibe fakitale? Titseke mjigowu?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanatseke. Mjigowo musautseke, ndipo mabanja amene apita kumtsinjewo muwaitane abwerere lero lomwe. Kufiira mukukuonako ndi ayironi, chitsulo chosungunuka m'madzi chimene chimasanduka dzimbiri chikakumana ndi mpweya. Chimanyansa m'maso, chimadetsa nsima ndi zovala, koma si poizoni. Aseniki alibe mtundu, alibe fungo, ndipo pakamwa samveka. Madzi oyera mbee akhoza kukhala naye wambiri, ofiira n'kukhala opanda. Komabe mnyamata wa ku kolejiyo musamukalipire pamsonkhano, chifukwa sananame zonse. Pansi pa nthaka ayironi ndi aseniki ali pa chibale, ndipo mukachimvetsa chibalecho muona chifukwa chake ndikuti madziwo akayezedwe, asaweruzidwe ndi maso.

Ku Bangladesh zinayamba ndi cholinga chabwino. M'zaka za m'ma 1970 ana ambiri kumeneko ankafa ndi kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba chifukwa chomwa madzi a m'maiwe ndi m'mitsinje. Boma, mothandizidwa ndi UNICEF ndi mabungwe ena, linayamba kukumba mijigo. Kenako mabanja anayamba kudzikumbira okha, poti nthaka ya kumeneko ndi yofewa moti amuna angapo amamiza paipi ndi manja, opanda makina. Mijigo inafika mamiliyoni ambiri. Aseniki sankayezedwa, chifukwa akatswiri a nthawi imeneyo ankamuyembekezera pafupi ndi migodi, osati m'chigwa cholimidwa mpunga.

Cha mu 1983 dokotala wa khungu wa ku Calcutta, K. C. Saha, anazindikira kuti mawanga ndi zikhatho zokhakhala za odwala ochokera m'midzi ya West Bengal, mbali ya India ya chigwa chomwecho, gwero lake linali madzi a m'mijigo. Ku Bangladesh zinatsimikizika mu 1993, ku Chapai Nawabganj. Mu 1998 ndi 1999 a British Geological Survey pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za madzi akumwa yotchedwa DPHE anayeza mijigo pafupifupi 3,500 m'dziko lonselo. Pa mijigo yosazama 100 iliyonse, 27 inapyola mayikulogiramu 50 pa lita, womwe ndi muyezo wa dzikolo, ndipo 46 inapyola mayikulogiramu 10, muyezo wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse. Anawerengera kuti anthu 35 miliyoni ankamwa madzi opyola muyezo woyambawo, 57 miliyoni opyola wachiwiriwo. Mijigo ina inali ndi mayikulogiramu oposa 1,000. Kuti muone kuchepa kwa zimene tikunenazi, mayikulogiramu 10 pa lita ndi giramu imodzi yokha yosungunuka m'ndowa 5,000 za malita 20.

Tsopano funso lanu lenileni. Palibe amene anathira aseniki m'nthaka ya ku Bangladesh. Aseniki ndi wachilengedwe, amapezeka pang'onopang'ono m'miyala ndi m'dothi padziko lonse, ngakhale m'munda mwanumo. Wa ku Bangladesh anatsika kuchokera kumapiri a Himalaya. Mvula ndi madzi oundana zimapera miyala ya kumeneko, ndipo mitsinje ya Ganges ndi Brahmaputra imanyamula matope ndi mchenga okwana matani pafupifupi 1 biliyoni pa chaka. Pa ulendowo, ayironi wa m'miyala amachita dzimbiri, n'kukuta tinjere ta mchenga. Dzimbiri limeneli lili ngati ulimbo: aseniki akangolikhudza amamatirira, ndipo bola pali mpweya wa okosijeni sachokapo. Ndiye chifukwa chake madzi a mu Ganges momwemo alibe aseniki wambiri, ngakhale mchenga wake uli naye.

Zimasintha mchengawo ukakwiririka. Chaka ndi chaka madzi osefukira amayala matope ena pamwamba, pamodzi ndi udzu, mabango, masamba ndi zina zowola. Pansipo pamakhala madzi okhaokha, mpweya sulowa. Mabakiteriya amene amadya zowolazo amafuna chopumira monga ife. Amayamba ndi okosijeni wotsalira m'madzimo. Akatha, amapita ku zina za m'madzi ndi m'dothi: nayitireti, kenako ku manganizi, kenako ku dzimbiri lenilenilo. Akamaligwiritsa ntchito, dzimbirilo limasungunuka, ayironi n'kulowa m'madzi, ndipo aseniki amene anamatirira uja amasowa pogwira, nayenso n'kulowa m'madzi. Mabakiteriya ena amamusinthanso aseniki mwiniwakeyo. Pomwe pali mpweya amakhala wa mtundu umene pa malipoti amalemba As(V), womata kwambiri. Pomwe palibe amasanduka As(III), amene samata msanga pa miyala yambiri, amayenda mosavuta, ndipo amavuta kusefa. Fosifeti ndi bayikaboneti, zimene zimachuluka pomwe zinthu zikuwola, zimalimbirananso naye malo omatirira otsalawo.

Chimene chimadabwitsa anthu ambiri ndikamawaphunzitsa n'chakuti mchenga wa ku Bangladesh ulibe aseniki wochuluka kuposa mchenga wamba. Uli ndi mamiligiramu ochepa chabe pa kilogalamu. Koma tawerengani nane. Pansi pa nthaka lita imodzi ya madzi imakhala m'timipata ta mchenga wolemera makilogalamu pafupifupi 6. Tiyerekeze kuti kilogalamu iliyonse ili ndi mamiligiramu 2 a aseniki. Pamodzi ndi mamiligiramu 12, kapena kuti mayikulogiramu 12,000. Kagawo kamodzi kokha pa 100 kakamasuka, madziwo akhala ndi mayikulogiramu 120 pa lita, kuposa muyezo wa WHO ka 12. Choncho pofufuza malo oopsa sitiyamba ndi funso lakuti nthakayi ili ndi aseniki wochuluka bwanji. Timafunsa ngati pansipo pali mpweya, ngati pali zowola, ndiponso ngati madzi akuyenda.

Poyamba akatswiri ena ankaganiza zosiyana ndi izi. Ankati kupopa madzi othirira kwatsitsa madzi a pansi, mpweya walowa, n'kudya mwala wa pyrite umene umasunga aseniki. Zikanakhala choncho, madzi oipawo akanakhala ndi salufeti wambiri, amene amatuluka mwalawo ukadyeka, ndipo akanapezeka pamwamba, pamene mpweya umafika. Poyeza zinapezeka zotsutsana: madzi a aseniki wambiri anali opanda okosijeni, salufeti wochepa, ayironi ndi amoniya wambiri, nthawi zina ndi mpweya wa methane. Kuyambira cha mu 1998 ofufuza ambiri anavomereza kuti ku Bengal, chigwa cha Bangladesh ndi West Bengal, vuto ndi kusowa kwa mpweya, osati kulowa kwake.

Apa mwina mwagwira mtima, n'kunena kuti ndiye mnyamata uja akulondola, poti ayironi wosungunuka ndiye tili nayeyu. Akulondola theka. Ayironi wambiri m'madzi a pansi amasonyeza kuti pansipo mpweya ndi wochepa, ndipo malo otere ndi oyenera kuwayeza. Koma ngakhale ku Bangladesh komweko, mijigo ya ayironi wofanana imasiyana kutali pa aseniki. Pena dzimbiri limene likusungunukalo linalibe aseniki wambiri kuyambira kale. Pena aseniki anakokoloka kalekale ndi madzi oyenda. Pomwe pali salufeti wokwanira, mabakiteriya ena amapanga salufayidi amene amamugwira aseniki n'kumubwezera m'nthaka. Penanso ayironi amabwerera m'miyala ina koma aseniki n'kutsalira m'madzi, ndiye madzi amatuluka osafiira koma oopsa. Madzi ofiira opanda aseniki ndi ofala padziko lonse, ndipo pa zaka zimene ndagwira ntchito ya madzi a pansi, madandaulo a madzi ofiira ndi amene ndakumana nawo kwambiri.

Msinkhu wa mchenga ndi nkhani ina yaikulu. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo dziko linazizira kwambiri, ndipo nyanja zamchere zinatsika ndi mamita pafupifupi 120. Mitsinje ya ku Bengal inakumba zigwa zakuya, mchenga wa nthawi imeneyo unakhala poyera kwa zaka masauzande, mvula ikuutsuka, mpweya ukuulowa. Unasanduka wofiirira kapena wachikasu, wokutidwa ndi dzimbiri lolimba, zowola zake zitatha. Nyanja zitakweranso, zigwa zija zinadzaza mofulumira ndi mchenga watsopano wotuwa, wodzala ndi zowola. Aseniki wambiri ali mu mchenga wotuwawu, wa zaka zosapyola 10,000 kapena 12,000, makamaka pa kuya kwa mamita 15 mpaka 40. Kafukufuku wa 1998 uja anapeza kuti pa mijigo yozama kupyola mamita 150, umodzi wokha pa 100 ndiwo unapyola mayikulogiramu 50. Mzinda wa Dhaka wakhala pa mchenga wakale wofiirirawo, ndipo madzi ake a pansi alibe vutoli, pomwe m'boma la Chandpur, kumunsi kwa mtsinje wa Meghna, mijigo pafupifupi 9 pa 10 inali yoipa. Okumba mijigo a kumeneko anaphunzitsidwa kuyang'ana mtundu wa mchenga umene ukutuluka: wofiirira ndiwo akuufuna, wotuwa kapena wakuda aupitirire. Taonani mmene zatembenukira. Mchenga wofiira ndi chizindikiro chabwino, chifukwa dzimbiri likadali pamalo pake.

Nanga akamasuka amayenda bwanji? Pang'onopang'ono kwambiri. Chigwa cha Bengal ndi chathyathyathya, madzi a pansi m'malo ambiri amasuntha mamita ochepa pa chaka, ndiye aseniki womasukayo amangounjikana pomwepo m'malo mokokoloka kupita kunyanja. Ndipo aseniki sayenda pa liwiro la madzi. Amamatira pa kanjere aka, n'kumasuka, n'kumatiranso patsogolo. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha m'mudzi wa Van Phuc, pafupi ndi Hanoi ku Vietnam, m'chigwa cha Red River. Mzinda wa Hanoi wakhala ukupopa madzi ambiri kwa zaka makumi angapo, mpaka madzi a pansi a m'mudziwo anatembenuka n'kumayenda kuchoka mu mchenga wotuwa kulowa mu mchenga wakale wofiirira. Ofufuza otsogoleredwa ndi Alexander van Geen anafalitsa mu 2013 kuti madziwo analowa mtunda woposa makilomita 2, koma aseniki anangolowa mamita pafupifupi 120, kutanthauza kuti ankachedwa ka 16 mpaka ka 20 poyerekeza ndi madzi. Nkhaniyi imatonthoza, komanso imachenjeza. Mchenga wofiirira umateteza ndithu, koma madzi odzala ndi zowola akamaudutsa zaka zambiri nawonso umayamba kutuwa, ndipo malire a poizoni amasuntha.

Pa nkhani ya komwe zowolazo zimachokera, akatswiri akukanganabe. Ena amati ndi zakale zimene zinakwiririka pamodzi ndi mchenga. Gulu la Charles Harvey, limene linagwira ntchito ku Munshiganj, linati kupopa madzi othirira mpunga kumakokera pansi madzi atsopano a m'maiwe okumbidwa ndi anthu, odzala ndi zowola zatsopano zimene mabakiteriya amazikonda. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zimachitika, malingana ndi malo. Chimene onse amagwirizana n'chakuti kupopa kwambiri kumasintha njira ya madzi, ndipo mjigo wozama umene sunamatidwe bwino ndi simenti kapena dongo m'mbali mwa paipi umakhala msewu wotsitsira madzi oipa a pamwamba kupita pansi pabwino. Ndimapsa mtima ndikaona okumba akuthamangira kumaliza n'kudumpha gawo limeneli, chifukwa likakwiririka palibe amene angalione.

Popeza mitsinje ya m'chigwa imasamukasamuka, imasiya mchenga apa, dongo apo, zowola pena. Zotsatira zake n'zakuti mijigo iwiri yotalikirana mamita 20 okha ikhoza kusiyana kotheratu, wina wabwino wina woipa. Ku Araihazar, kum'mawa kwa Dhaka, atayeza mjigo uliwonse anapeza kuti anthu pafupifupi 9 pa 10 ankakhala pa mtunda wosapyola mamita 100 kuchokera pa mjigo wabwino. Ndiye chifukwa chake boma la Bangladesh, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, linayeza mijigo pafupifupi 5 miliyoni n'kupaka penti pakamwa pa mjigo uliwonse, yobiriwira pa wabwino, yofiira pa woipa. Kusamukira pa mjigo wa mnansi kunapulumutsa anthu ambiri kuposa zosefera zonse zimene zinagawidwa. Kwa inu tanthauzo lake ndi lakuti zotsatira za mjigo wa kusukulu kapena wa mudzi woyandikana nawo sizikunena kanthu za mjigo wanu.

Njira ya ku Bengal si yokhayo. M'madera ouma a ku Argentina, kumene nthaka ili ndi phulusa la mapiri ophulika, madzi ali ndi mpweya koma pH yake ndi yokwera (kutanthauza kuti madziwo ali mbali ya soda, osati ya asidi), ndipo zimenezo zimamasula aseniki pa dzimbiri, kawirikawiri pamodzi ndi fuluwolayidi, amene amathimbiriritsa mano. Pafupi ndi migodi ya golide, monga ku Obuasi ku Ghana ndi m'migodi yambiri ya ku Zimbabwe, golide amapezeka limodzi ndi mwala wa arsenopyrite, ndipo ukafukulidwa n'kukumana ndi mpweya ndi mvula umatulutsa aseniki. Abale athu okhala m'makomboni a migodi kumeneko, ndi amene akukumba golide m'mitsinje kuno, izi zikuwakhudza. Akasupe a madzi otentha nawonso nthawi zina amakhala naye.

Tibwere kwanu ku Nsanje. Chigwa cha Shire chili ndi zina zofanana ndi Bengal: n'chathyathyathya, madzi amasefukira kawirikawiri, pali madambo akuluakulu monga Elephant Marsh ndi Ndindi, ndipo mijigo yambiri imathera mu mchenga ndi matope a mtsinje pa kuya kofanana ndi kwa mijigo yoipa ya ku Bangladesh. Ndikanakhala kuti ndikusankha malo oyamba kuyeza m'Malawi muno, chigwachi chikanakhala pa mndandanda. Koma Shire sabweretsa matope ochuluka ngati Ganges, ndipo kafukufuku amene wachitika m'dziko muno, kuphatikizapo m'chigwa cha Shire, sanapeze vuto lofala ngati la ku Bangladesh. Mijigo yambiri imene inayezedwa inali pansi pa muyezo wa WHO. Mijigo yoyezedwayo ndi yochepa poyerekeza ndi yonse imene tili nayo, n'chifukwa chake sindikukuuzani kuti muiwale. Mavuto odziwika bwino a madzi a pansi kwanuko ndi mchere, makamaka ku Chikwawa ndi mbali zina za Nsanje, fuluwolayidi amene amathimbiriritsa mano a ana, ndi tizilombo tolowa m'mijigo madzi akasefukira.

Kufiirako kukhoza kukhalanso kosachokera m'nthaka n'komwe. Ndodo za mjigo kapena mapaipi achitsulo akamadyeka, makamaka m'madzi amchere, amatulutsa dzimbiri lomwelo. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Tungani ndowa yoyamba m'mamawa mjigo utagona usiku wonse, kenako mutunge ina anthu atapopa kwa ola limodzi kapena kuposerapo, n'kuzisiya zonse mpaka masana. Yoyambayo ikafiira kwambiri koma yachiwiriyo pang'ono, vuto lili m'zitsulo za mjigo, ndipo makaniki wa mijigo wa m'dera lanu akhoza kuzula ndodo n'kuziona. Zikafiira mofanana, ayironiyo akuchokera pansi.

Pa kuyeza, yambirani kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu ndi ku ofesi ya zamadzi ya pa boma. Iwo amadziwa potumiza madzi, kaya ku Central Water Laboratory ku Lilongwe, ku labotale ya zamadzi ya ku Blantyre, kapena ku Malawi Bureau of Standards. Mutchule aseniki ndi dzina, chifukwa sakhala pa mndandanda wa zoyeza nthawi zonse, ndipo mupemphenso ayironi, manganizi, fuluwolayidi, mchere ndi tizilombo, poti ulendo ndi umodzi. Pali msampha umodzi umene ndikufuna muudziwe. Musatunge madziwo nokha m'botolo la chakumwa n'kuwayendetsa masiku awiri. M'botolomo ayironi achita dzimbiri monga amachitira mu ndowa yanu, dzimbirilo ligwira aseniki n'kudikha naye pansi, ndipo oyeza apeza nambala yotsika kuposa yeniyeni. Otenga madzi oyeza aseniki amayamba apopa kwa mphindi zingapo, amatunga pakamwa pa mjigo, ndipo m'botolo lawo amadonthezamo asidi woletsa dzimbirilo. Palinso tizipangizo toyezera pomwepo pamjigo, ta kapepala kosintha mtundu. Timathandiza kupatula mijigo yoipitsitsa, koma nambala ikakhala pafupi ndi muyezo ndi bwino kutsimikiza ku labotale. Pa lipoti, 10 µg/l, 10 ppb ndi 0.01 mg/l ndi chinthu chimodzi, mayikulogiramu 10 pa lita aja. Ngati komiti yanu inasunga lipoti la okumba, lionetseni kwa a zamadzi, chifukwa limanena kuya kwa mjigo ndi mtundu wa mchenga umene anadutsa.

Zotsatira zikabwera zotsika, nkhani ya aseniki yatha, mwatsala ndi ayironi. Kusiya madzi adikhe mu ndowa yovundikira n'kuwatsanulira mu ina, kapena kuwasefa mu mchenga woyera, kumachepetsa kufiirako.

Zikabwera zokwera, mjigo sutsekedwabe. Aseniki salowa kwenikweni kudzera pakhungu, ndiye kusamba, kuchapa ndi kutsuka ziwiya zipitirire pomwepo. Chimene chimasamuka ndi madzi akumwa ndi ophikira, makamaka ophikira nsima, phala ndi mpunga, zimene zimamwa madzi onse. Njira yachangu ndi mjigo wina woyezedwa kale. Madzi a mvula otungidwa pa malata oyera alibe aseniki, koma samaliza chilimwe cha ku Nsanje. Zitsime zosazama zokumba ndi manja ku Bangladesh zinkakhala ndi aseniki wochepa chifukwa mpweya umalowamo, koma zinkabwezeretsa matenda otsegula m'mimba. Kuwiritsa sikuchotsa aseniki, madzi akaphwera amangochulukirapo. Kolorini amapha tizilombo, ndipo mupitirize kuthira, koma aseniki amatsalabe. Kudikhitsa madzi a ayironi wambiri kumachotsa gawo lina la aseniki, pa chifukwa chomwe chija cha m'botolo, koma kuchuluka kwa amene wachoka kumasiyanasiyana, ndiye musakudalire popanda kuyeza madzi odikhawo. Zosefera zabwino zimagwiritsa ntchito mfundo yomweyi. Ya SONO, imene anapanga Abul Hussam wa ku Bangladesh n'kulandira nayo mphoto ya Grainger mu 2007, ndi ndowa ziwiri za mchenga, makala ndi chitsulo chokonzedwa mwapadera. Imagwira ntchito, koma zosefera zambiri zimene zinagawidwa m'midzi zinafa chifukwa chosowa ozisamalira ndi oziyeza. Ine ndingasankhe mjigo wina pamalo ena, kapena wozama womatidwa bwino, ndisanasankhe sefa.

Za thanzi, aseniki wa m'madzi sagwetsa munthu tsiku limodzi. Zizindikiro za pakhungu zimatenga zaka, kawirikawiri 5 mpaka 10 kapena kuposerapo: timawanga takuda tosakanikirana ndi toyera pachifuwa ndi pamsana, ndiponso khungu la m'zikhatho ndi kuphazi kukhuthala n'kuchita tinjere tolimba mbali zonse ziwiri. Anthu ambiri omwa madzi oipa saonetsa n'komwe zizindikirozi, komabe chiopsezo cha khansa ya pakhungu, ya chikhodzodzo ndi ya m'mapapo, komanso matenda a mtima, chimakwera. Ku Araihazar, pa anthu pafupifupi 12,000 amene ofufuza anawatsatira kwa zaka zingapo, anawerengera mu 2010 kuti imfa imodzi pa 5 iliyonse inkakhudzana ndi madzi opyola mayikulogiramu 10. Ku Antofagasta ku Chile, kumene mzinda unamwa madzi a aseniki wambiri kuyambira 1958 mpaka 1970, khansa ya m'mapapo ndi ya chikhodzodzo inali ikadali yokwera patapita zaka makumi angapo madziwo atakonzedwa, ngakhale kwa amene anali makanda nthawi imeneyo. Ndiye ngati mjigo wapezeka woipa, oyamba kusamutsidwa akhale amayi oyembekezera ndi ana.

Munthu wa mawanga otere, wa zikhatho zolimba zimene sizikufanana ndi zikang'a za khasu, wa chilonda cha pakhungu chosapola, wa magazi mu mkodzo, kapena wa dzanzi losatha m'manja ndi m'mapazi, apite kuchipatala osadikira zotsatira za madzi. Kwanuko magazi mu mkodzo nthawi zambiri ndi likodzo, ndipo mawanga ali ndi zoyambitsa zambiri, ndiye musalengeze m'mudzi kuti wakuti wadwala aseniki dokotala asanamuone. Auzeni adokotalawo kumene munthuyo amatunga madzi ndi zaka zimene wamwa. Kuyeza mkodzo kumasonyeza aseniki wa masiku ochepa apitawo, pomwe tsitsi ndi zikhadabo zimasunga wa miyezi ingapo. Palibe mankhwala otsimikizika ochotsa zimene aseniki wawononga pa zaka zambiri. Chithandizo chachikulu ndi kusiya madziwo, kudya mokwanira, ndi kupimidwa pafupipafupi.

Pamsonkhano wa komiti muwaike anthu pa sikelo. Mbali imodzi pali aseniki amene sanapezeke n'komwe m'mjigo wanu, ndipo ngakhale atapezeka amatenga zaka. Mbali ina pali mtsinje, pamene kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, osatchulanso ng'ona za mu Shire. Masabata odikira zotsatira anthu amwe pamjigo, madzi atadikha ndi kuthiridwa kolorini. Lipoti likabwera likopereni m'kaundula wa komiti, pamodzi ndi tsiku ndi mwezi umene madzi anatengedwa, ndipo mudzayezetsenso pakapita zaka zingapo, kapena msanga ngati pafupi pakumbidwa mjigo wa pampu ya sola kapena ya injini yothirira minda. Mukafuna, nditumizireni manambala a pa lipotilo pamodzi ndi kuya kwa mjigo, tidzawerengere limodzi.